Tamara Asanakwere Ndege

Galimoto itangokhota pa golosale paja n'kuzimiririka, Zione anabwerera pakhonde, anakhala pa makina ake osokera, n'kulumikiza mkono wakumanzere wa malaya a kasitomala kumanja. Anamasula ulusi, anayambiranso, singano n'kuthyoka. Anaikamo ina, nayonso inathyoka. Zaka makumi awiri akusoka ku Manja kuno, anali asanathyolepo singano ziwiri m'mawa umodzi. Anadzuka, anakasesa pabwalo posesasesa kale, anabweranso. Mtima sunkamulola kukhala pansi.

Amene anatengedwa ndi galimotoyo anali Tamara, mtsikana wa ku Brazil yemwe anakhala m'nyumbamo miyezi isanu. Anabwera ndi anzake khumi ndi awiri ochokera m'maiko osiyanasiyana kudzaphunzira zaumoyo pa koleji ina m'tauni, ndipo oyendetsa pologalamuyo anawagawa m'mabanja kuti aone mmene anthu timakhalira. Kwa Zione anamubweretsa chifukwa wina ku ofesiko analemba kuti amuna ake, a Raphael, amayankhula Chipwitikizi. Ha, Chipwitikizi chake chiti? Bambo awo ndiwo anachokera ku Milange kalekale. A Raphael anangotolako moni, zikomo, ndi mawu awiri otukwanira mbuzi. Tsiku loyamba lomwelo anawamaliza onse tiyi asanazizire.

Koma zinthu zinayenda bwino. Tamara anali wakuda ngati ife tomwe, ndipo akavala chitenje anthu a ku Manja ankangoti ndi mwana wa achemwali ake a Zione wochokera ku Nsanje, kwawo kwa Zioneko. Zione sankawakonza, bwanji akonze zomukomera? Mwana wake yekhayo, Tawonga, anakwatiwa ku Mzuzu, ndipo chipinda chake chinatha zaka zitatu chikusunga matumba a zidutswa za nsalu. Tsopano munkamveka munthu akuseka pa foni, akuyetsemula, akugwetsa nsapato. Chichewa anachigwira msanga, chokhotakhota koma chomveka. Zione ankamuitana kuti “mayi,” basi, popanda kuwonjezera kanthu. Mayi ake omubereka anali atamwalira chaka chathachi, ndipo zimenezi Zione ankazidziwa bwino lomwe.

Zinaonongeka masabata atatu apitawo. Kuseri kwa nyumba yawo kunagwa maliro a bambo wina wa mpingo wawo. Anyamata anayala masamba pamsewu uku ndi uku monga timachitira, kuti wodutsa adziwe, wanjinga atsike, wachipewa avule. Tamara anali atapita ndi anzake ku Chikwawa masiku awiri, ndiye atabwerako anapeza pakhomo palibe munthu, anasintha zovala n'kupita kokathamanga monga mwa chizolowezi chake. Nthawi yomwe bokosi linkatuluka m'nyumba, azimayi atakhala pansi mbali iyi, azibambo mbali iyo, abusa atangokweza dzanja, balamanthu Tamara. Kabudula wolekeza m'ntchafu, timawaya m'makutu, anadumpha masamba aja ngati akudumpha ngalande n'kudutsa pakati penipeni pa anthu.

Akanakhala mzungu, anthu akanangoti sadziwa. Koma aliyense pamenepo anaona mwana wa kwa Zione. Mayi wina kumbuyo ananong'ona, kunong'ona kwake komveka mpaka kumsewu, kuti ndi mmene amalerera ana anthu a ku chigwa. Zione magazi anamukwera kumutu. Anadzuka, anamugwira mtsikanayo pamkono, anazula timawaya tija, n'kunena pamaso pa khamu lonselo:

“Iwe, kwanuko unalibe mayi wokulera?”

Mawuwo asanathe n'kutuluka komwe anadziwa kuti walasa pachilonda. Tamara anangomuyang'ana, anatola timawaya take pafumbi, n'kubwerera kunyumba pang'onopang'ono.

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba munadzaza ulemu, ulemu wozizira uja womwe umapweteka kuposa kutukwanidwa. Tamara ankadzuka, kupereka moni, kutsuka mbale yake, kulowa kuchipinda. “Mayi” uja anasanduka “mayi a Tawonga.” Zione usiku ndi usana ankafuna kupepesa, koma inu mukudziwa mmene tinakulira: munthu wamkulu sayima pamaso pa mwana n'kumati pepa. Pakamwa pamauma. Timapepesa ndi manja. Ndiye Lamulungu lotsatira anapha nkhuku, ndipo nthutumba, yomwe chikwatiranireni inkapita m'mbale ya a Raphael, anaiika m'mbale ya Tamara. Mwana wakuno akanadziwa kuti wapatsidwa ulemu wa mwini nyumba, nkhani yatha. Tamara anaikankhira pambali pa mbale n'kuisiya. Lamulungu lina, nkhuku ina, chimodzimodzi. Dzulo lake, Lachisanu, nkhuku yachitatu, ndipo nthutumba inabwereranso kukhitchini osalumidwa. Zione anamva kuti wakanidwa katatu, ndipo kunena zoona anapsanso mtima.

N'chifukwa chake m'mawa uno, Tamara atatulutsa zikwama zake, anangogwirana chanza ngati anthu okumana ku banki. Mtsikanayo ananena mawu omveka kuti anawakonzeratu, othokoza chakudya, chipinda, ndi zonse. Zione atatenga chikwama chimodzi kuti amuperekeze kumsewu, Tamara anachilanda mwaulemu.

“Musavutike kundiperekeza, mayi a Tawonga. Galimoto yafika kale.”

Mlendo wokana kuperekezedwa, abale! Zione anapinda manja n'kumuuza kuti ayende bwino. Ndi zokhazo zomwe zinatuluka, pa miyezi isanu.

A Raphael tsiku limenelo sanapite kokawotcherera mageti ku Limbe poti magetsi anali atazima. Anakhala pampando wawo pakhondepo akumwa tiyi wachitatu, akumuyang'ana mkazi wawo akuzungulirazungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. Kenaka, ngati akunena za mvula, anati mwana uja anali woseketsa. Ati Lachitatu anawafunsa ngati kuno munthu akalakwa amapatsidwa chiwalo cha nkhuku chogayira miyala chija, chifukwa iye sankachitha kudya koma ankaopa kufunsa kuti chilangocho chitha liti. Iwo anangoseka n'kumuuza kuti azidya, n'chokoma.

Zione anaima tsache lili m'manja.

“Bambo a Tawonga, masiku atatu muli nazo m'kamwa zimenezi?”

Iwo anati sanafunsidwe. Amuna inu! Munthu akhoza kuona nyumba ikupsa n'kumadikira kuti afunsidwe. Zione anawauza mawu angapo omwe sitingawabwereze pano, n'kutenga foni. Nambala ya Tamara sinkapezeka. A Raphael anakumbukira, mochedwa ngati kale, kuti ana onse aja anabweza makadi a foni ku ofesi dzulo. Anamulangiza kuti adikire mwanayo akafike kwawo, adzamutumizire uthenga kudzera pa foni ya Tawonga, nkhani idzathere pomwepo. Zione anakana. Mawu aja anawanena ndi pakamwa pake, maso ndi maso, anthu akumva. Sakanawachotsa ndi timalemba ta pa foni. Ndege inkanyamuka ku Chileka fo koloko madzulo, ndipo mwana ameneyu akakwera ndiye kuti wapita ku Brazil akukhulupirira kuti mayi wa ku Manja anamunyoza ndi maliro a mayi ake n'kumulanga masabata atatu. Anamanga chitenje pamwamba pa diresi la panyumba, ulusi uli m'mutu, n'kutuluka.

Minibasi ya kutauni inali ndi anthu anayi, koma kondakitala ankakuwa kuti watsala mmodzi. Watsala mmodzi, watsala mmodzi, dzuwa likukwera. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, kubwereranso m'mbuyo. Zione anatsika kuti ayende wapansi, atangoyenda pang'ono minibasi ija inamupeza itadzaza, anakweranso n'kukhalira theka la thako pafupi ndi chitseko. Aliyense wotsika panjira ankamukwiyitsa. Mnyamata wina anatsika pa Chitawira n'kuyamba kufunafuna chenje m'matumba onse anayi, Zione anangotsala pang'ono kumukankha.

Ofesi ya pologalamuyo ankaidziwa, poti ndi komwe anakamutenga Tamara tsiku loyamba: m'nyumba ina yosanja chakumtunda kwa tauni, masitepe ambirimbiri. Anakwera ali wefuwefu n'kupeza chitseko chokhoma. Anagogoda ndithu, ngati loko angamve chisoni. Mayi wokolopa m'khonde anamuuza kuti lero Loweruka sikubwera munthu, ana asukulu aja anasonkhana pamenepo m'mamawa ndipo basi yawatengera ku Limbe kukagula nsalu zoti apite nazo kwawo. Anamufunsa ngati kwagwa zovuta. Zione anati ayi, kenaka anati eya, n'kutsika masitepe.

Msewu wa ku Limbe Loweruka mumaudziwa. Pa Ginnery Corner anaima, pa Chichiri anaimanso, galimoto zili bampa kubampa, ogulitsa nthochi ndi machaja akugogoda mawindo. Zione ankayang'ana basi iliyonse yoyera yobwera kutsogolo, khosi mpaka kuwawa. M'mutu ankakonza zokanena. Ayambe ndi nthutumba, afotokoze tanthauzo lake, mwanayo aseke, nkhani ithe mosavuta. Ayi, ayambe ndi mayi wonong'ona uja, kuti ndi amene anamupsetsa mtima. Zonse zinkamveka bwino mpaka pomwe pankafunika liwu lija, ndipo akafika pamenepo ankayambiranso.

Masitolo a nsalu a ku Limbe Zione amawadziwa ngati khitchini yake. Analowa koyamba, ayi sanawaone. Kachiwiri, anadutsa koma sanalowe. Kachitatu anapeza Halimatu, mnzake womugulitsa nsalu zaka zambiri, akupinda zitenje zomwe zinali mbwee pa kauntala. Halimatu anati ndi ana omwewo amusokonezera sitolo chonchi, achoka theka la ola lapitalo. Azungu anagula mpaka osadziwa ponyamulira, koma wakuda uja, wodziwa Chichewa uja, sanagule kalikonse. Anangoima pakhomo kumayang'ana atelala akupalasa makina pakhonde, mpaka anzake anachita kumukoka.

Zione anagwira kauntala. Anamva chisoni chenicheni.

Halimatu anati anamva dalaivala akunena kuti akukadya nkhomaliro kwa bwana wa pologalamuyo ku Namiwawa, kenaka thu koloko anyamuke wa ku Chileka. Nyumba yake iti, sankadziwa. Anamupatsa madzi, Zione anamwa ataimirira. Wotchi ya pakhoma inkati kota pasiti thwelofu.

Anabwereranso msewu womwe uja, kuima momwe muja. Atatsika m'tauni inali itadutsa wani. Ku Namiwawa minibasi sizipitako, kaya ndani angakwere, poti kumeneko ngakhale wantchito amatsitsidwa pa galimoto ya bwana. Panali njinga zamoto zokha. Zione analumbira kalekale kuti chinthu chimenecho sadzakwera, ataona mayi wina akugwa pa Kamba matumba a tomato ali balala. Lero anakwera. Anakhala cham'mbali monga mzimayi, wakabazayo anamuuza kuti atero agwa, anakwinya diresi n'kukhala chotang'adza, m'tauni, masana, anthu akuona. Anamugwira bamboyo malaya ndi manja onse awiri n'kutseka maso, koma anawatsegulanso atakumbukira kuti ayenera kuyang'ana basi.

Ku Namiwawa kuli zii. Mipanda italiitali, maluwa olendewera, mageti ofanana, ena mwina owotcherera a Raphael omwe. Palibe mwana wosewera panja woti umufunse, palibe mayi wogulitsa mandasi. Analowa msewu uwu, wathera pa geti. Analowa uwo, agalu okhaokha. Wakabaza anayamba kung'ung'udza za mafuta. Zione anamuuza kuti aziima pa geti lililonse, chifukwa ngati pali anthu odziwa zonse za ku Namiwawa ndi alonda. Mlonda woyamba anatukula mapewa. Wachiwiri anati basi yoyera yadutsa, yalowera chakumunsi. Wachitatu analoza ndi ndodo yake. Atakhota, anaiona: basi yoyera itaima panja pa geti lobiriwira, zikwama zitaunjikidwa kumipando yakumbuyo, dalaivala atatsamira chiwongolero akumvera wailesi.

Anatsika, analipira wakabaza uja n'kumulola kuti azipita. Mlonda wa pamenepo, bambo wachikulire dzina lake litalembedwa pachifuwa kuti Jailos, anamuyang'ana kuyambira ku masilipasi mpaka ku ulusi wa m'mutu n'kumuuza kuti ntchito kulibe. Zione anafotokoza. Atamva kayankhulidwe kake, a Jailos anafewa n'kumufunsa kwawo. Iwo anali a ku Ngabu, kuchigwa komweko. Koma kulowa anati sizitheka. Anapatsidwa pepala la maina a alendo, ndipo dzina la Zione panalibe. Akamulowetsa, mawa pageti pakhala munthu wina. Anamutulutsira kampando kawo kuti adikire, poti basi ili panja, onse atulukira pompano.

Sanakhale. Anayenda kufika pa ngalande, kubwerera, kufikanso pa ngalande. Mkati munkamveka mafoloko, munthu akuyankhula Chingerezi, kenaka m'manja. Anafunsa a Jailos kuti alendo a papepalawo ndi ndani. Iwo anati ndi makolo omwe ankasunga anawa, banja lililonse linapatsidwa khadi kudzera mwa mwana wake.

Khadi limenelo kwa Zione silinafike. Mwana uja analandira khadi, analisunga, mwina analitaya, n'kumadya naye pa tebulo limodzi osanena kanthu. Manyazi anamugwira, kenaka mkwiyo. Wazungulira tauni yonse, wakwera chinthu chomwe analumbira, kudzaima pa geti la eni ngati wopempha ganyu, chifukwa cha mwana yemwe sanamufune n'komwe pa phwando lake. Anayang'ana kumtunda komwe wakabaza analowera. Anayenda ndithu masitepe khumi kapena kuposa. Koma anadzifunsa kuti iye akanakhala Tamara, khadilo akanalipereka kwa ndani, kwa mayi wa mawu aja? Anabwerera.

Geti linatseguka. Anayamba kutuluka ana aja, maso ofiira, akukumbatirana, akujambulana, atavala zitenje zatsopano mokhotakhota. Pambuyo pawo makolo, azimayi atatchena madiresi a ku ukwati ndi maduku oima, azibambo m'majekete. Mtsikana wina wachizungu ankalira paphewa pa mayi wonenepa wa ku Kanjedza yemwe Zione anakumana naye tsiku lokatenga ana. Aliyense anali ndi wake. Tamara anatuluka pomaliza, yekha, kachikwama kali kumsana, akuyang'ana pansi, n'kulunjika pa chitseko cha basi.

“Tamara.”

Mtsikanayo anatembenuka. Nkhope yake sinaonetse kukondwa kapena kukwiya, inangouma. Anthu oyandikira anasiya kuyankhula, akuyang'ana mayi wa masilipasi uyu yemwe thukuta linali kamukamu. Zonse zomwe Zione anakonza m'minibasi zinathawa. Akanatha kumukokera kuseri kwa basi n'kunong'ona, koma tsiku lija sananong'one.

“Mwanawe, ndinakulakwira,” anatero mokweza. “Ndinanena mawu oipa, ndikudziwa kuti mayi ako anamwalira. Sunalakwe iwe, sunkadziwa. Ndinalakwa ndine. Pepa.”

Mayi wa ku Kanjedza uja anagwira pakamwa. Munthu wamkulu, wa imvi zake, kupepesa mwana pamsewu, anthu akuona. A Jailos anayang'ana kumbali.

Tamara sanathamange kudzamukumbatira monga Zione ankaganizira ali pa njinga ija. Anaima pomwepo, dzanja lili pa chitseko cha basi. Atayankhula, anayankhula pang'onopang'ono, akusankha mawu a Chichewa limodzilimodzi. Anati mawu aja anamupweteka kwambiri, ndipo sanganame kuti atha lero. Anati masabata atatu onse ankadikira kuti Zione abwere kuchipinda kwake.

“Anandilera bwino,” anatero. “Dzina lawo anali Dalva. Miyezi isanu, kuno palibe amene anandifunsa dzina lawo.”

Apa ndi pomwe Zione anaona kukula kwa mlandu wake, ndipo sunali wa tsiku la maliro lokha. Kwathu kuno munthu akaferedwa, ngakhale umve patapita chaka, ngakhale maliro anachitikira kutali, umapita, umakhala pansi, umapepesa. Zione amatero kwa oyandikana nawo, kwa makasitomala, ngakhale kwa anthu omwe sagwirizana nawo. Koma mwana wogona m'nyumba mwake, womutchula mayi, anangomuphikira, kumusokera, kumuphunzitsa kumanga chitenje, osakhala naye pansi ngakhale tsiku limodzi. Ankati za maliro a ku Brazil n'za ku Brazil.

Bwana wa pologalamu, mayi wa magalasi atanyamula mapepala, anayang'ana wotchi n'kunena kuti nthawi yatha, ana akwere. Zione sanamuyang'ane n'komwe. Anavula masilipasi, anakonza chitenje, n'kukhala pansi pa kapinga wa m'mbali mwa msewu, miyendo atatambasula monga timakhalira pasiwa. Anamenya pansi ndi chikhato pambali pake.

“Bwera ukhale apa. Sindinakupepese maliro a mayi Dalva.”

Tamara anayang'ana basi, anayang'ana bwana uja. Kenaka anavula kachikwama n'kukhala.

Azungu aja sanadziwe chomwe chikuchitika, wina anakweza foni kuti ajambule. Koma mayi wa ku Kanjedza anamutsitsa dzanja, anakwinya diresi lake la ku ukwati n'kukhala pansi nayenso. Anatsatira mayi wina, kenaka wina. Azibambo anasuntha n'kukaima chapatali manja ali kumbuyo. A Jailos anavula chipewa. Dalaivala anasuzumira pawindo, anaona azimayi ali pansi, anazimitsa wailesi, kenaka injini. Bwana uja anayang'ananso wotchi n'kutsitsa mapepala ake.

Zione anagwira dzanja la mtsikanayo ndi manja awiri n'kuyamba kufunsa monga timafunsira. Anadwala nthawi yaitali? Iwe unalipo? Anagona kuti? Tamara anayankha kuti anadwala miyezi isanu ndi itatu, khansa. Anati analipo, ndiye ankawasambitsa. Anati ankagwira ntchito yophika pa sukulu ya ana, ndipo ankakonda kuimba akuchapa, mawu awo oipa, anthu oyandikana nawo mpaka kudandaula. Anaseka pang'ono, kusekako kunasanduka kulira. Azimayi aja anayankha chapansipansi, pepa mwana, pepa.

Anapitiriza kufotokoza za tsiku lomaliza kuchipatala, koma Chichewa chinamuthera panjira. Anayesa Chingerezi, nachonso chinakana. Ndiye anangoyamba Chipwitikizi, mofulumira, misozi ikutsikira m'khosi, akuloza ndi dzanja zinthu zomwe ankaziona yekha, mutu utatsamira paphewa la Zione pomwe panali ponyowa kale ndi thukuta.

Zione sanamvepo ngakhale liwu limodzi. Ankangogwedeza mutu n'kumati eya, eya mwanangu, ndipo sanamudule mpaka anamaliza.